Kusanza pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi si nkhani yamasewera

Inu amene munalemba za kuwonongeka kwa chiwindi ndi ubongo pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi, mwafotokoza bwino, koma za vitamini B1 mwangodutsapo. Thupi limasunga vitaminiyu wokwanira masabata awiri kapena atatu basi. Ndiye munthu amuchepetsa chifu, akusanza tsiku ndi tsiku, achibale n'kumati ndi mmene zimakhalira. Ayi ndithu! Akayamba kudzandira, maso kugwedera, kuiwala zomwe wangonena kumene, amenewo akhoza kukhala matenda a Wernicke, omwe amagwira ubongo chifukwa chosowa vitamini B1, ndipo mukachedwa naye kuchipatala kuiwalako sikutha. Dripu ya shuga yopanda B1 imangokolezera vutolo. Chiwindi nacho chikafooka, amoniya, poizoni amene chiwindi chimachotsa, amachuluka m'magazi n'kusokoneza mutu. Amene anachitidwa gastric bypass, mtundu wina wa opaleshoni yochepetsa chifu, azikayezetsa magazi moyo wawo wonse, ngakhale akuoneka athanzi.