Kuchotsa mpweya m'thumba sikulowa m'malo mwa firiji

Ndawerenga nkhani yanu yonena kuti ndiwo zophika zamadzulo zikhoza kusungidwa kwa miyezi m'matumba apulasitiki ochotsedwa mpweya, koma mwasiya mfundo imodzi yofunika. Tizilombo totchedwa Clostridium botulinum timaswana pamalo opanda mpweya, ndipo poizoni wake kawirikawiri samveka fungo. Choncho nyama kapena nyemba zophika ziyenera kukhalabe mufiriji yozizira kufika pa -18°C, zomwe n'zovuta kwa ife amene magetsi amatithimira pafupipafupi.

Ineyo makina ochotsera mpweya m'matumba ndimagwiritsira ntchito pa zouma zokha monga mpunga wa Kilombero, nyemba, mfutso ndi usipa. Anankafumbwe salowamo, kungoti minga ya usipa imaboola thumba, n'chifukwa chake ndimayamba ndaukulunga m'kansalu koyera.