Mukapita ku York musathere tsiku lonse mu Shambles

Abale anga amene muli kuno ku Britain, nkhani ya mzinda wa York ikundivutitsa mumtima. Ndapitako kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndaona zomwezo: anthu kutsika sitima, kuthamangira mu kamsewu kakale kotchedwa Shambles, kujambulitsa pakati pa chikhamu, kugula tindodo ta matsenga ta m'mafilimu a Harry Potter m'masitolo, basi ulendo wobwerera.

Sindikukana, kamsewu kameneka ndi kokongola. Nyumba zake zamatabwa zinapendekeka moti zipinda zam'mwamba zimatsala pang'ono kugundana. Koma kale munali mabutchala okhaokha. Kwezani maso, mudzaona zitsulo zimene ankakolekapo nyama zidakalipo. Mumsewu womwewo muli kachipinda kopemphereramo kokumbukira Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama. Mayiyu anamangidwa chifukwa chobisa ansembe a Katolika, ndipo atakana kuyankha mlandu anamupha mu 1586 pomusanjikiza zinthu zolemera mpaka kutha mpweya. Nditalowa m'kachipindako ndinapezamo anthu awiri okha, panja pali piringupiringu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi York Minster. Tchalitchi chimenechi anayamba kuchimanga cha m'ma 1220 n'kudzachimaliza mu 1472. Amene anakumba maziko sanaone denga, ngakhale zidzukulu zawo sizinaone ntchito itatha. Windo lalikulu la kum'mawa analikonza John Thornton kuyambira 1405 mpaka 1408, ndipo pagalasi lamitundumitundu lija pali nkhani za m'Baibulo, za chilengedwe ndi za m'Chivumbulutso. Ndinakhala pampando, khosi mpaka kuwawa, koma osafuna kuchokapo.

Ndipo ntchitoyo sinathe mpaka lero. Miyala yake imadyeka ndi mvula ndi mphepo, choncho amisiri amasemabe ina yatsopano. Ndinaima pampanda kuonerera mmodzi akugogoda tchizulo pang'onopang'ono, fumbi loyera lili mbuu m'manja ndi pamalaya, osatembenuka n'komwe. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti tchalitchi chonsechi chinatuluka m'manja ngati amenewo.

Ngati mawondo anu ali bwino, kwerani nsanja ya pakati ya tchalitchichi, masitepe ake ndi 275. Ngati ndalama zavuta, pamwamba pa linga la mzindawu amayendapo mwaulere. Lawirirani m'mawa, muyambire pa chipata cha Bootham Bar kulowera ku chipata cha Monk Bar. Minster mudzaiona bwinobwino kuseri kwa minda ya maluwa, anthu asanachuluke.