Kachikwama kapafupi ndi chitseko, abale anga a ku Joni

Abale anga amene tili kuno ku Johannesburg, tiyeni tikambeko za kachikwama. Sindikunena chikwama chachikulu chija timalongedzamo katundu wotumiza kumudzi ayi, ndikunena kakang'ono koti utha kukatola ndi dzanja limodzi usiku nyumba ikuyaka.

Tonse tikukumbuka moto wa ku nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 August 2023. Anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo a kwathu. Koma opulumuka nawonso anaona zakuda, munthu watuluka ndi kabudula yekha, pasipoti yapsa, foni yapsa, nambala ya achimwene a ku Mangochi saidziwa pamtima poti inali mufoni momwemo, ndiye uyambira pati? Bwana kuntchito akufuna mapepala, wapolisi pamsewu sakufunsa kuti moto unayamba bwanji.

Nchifukwa chake ine ndimati kwa ife obwera, choyamba kulowa mkachikwamako ndi mapepala, zakudya pambuyo. Pasipoti, pemiti ngati muli nayo, ID yakwathu, setifiketi yobadwira ya mwana ndi khadi lake la kusikelo. Pangani mafotokope mukadinditse ku polisi, salipiritsa. Muziike mu pepala la pulasitiki lotseka bwino kuti madzi asalowe. Kenako zijambuleni pafoni mutumize pa WhatsApp kwa m'bale wodalirika, kaya ku Lilongwe kaya ku Cape Town, bola asakhale wa nyumba yomweyo. Ndipo chonde lembani ndi bolopeni papepala manambala a abale angapo, limodzi ndi 112 yoimba pafoni ya m'manja, 10177 ya ambulansi ndi 10111 ya polisi.

Chachiwiri mankhwala. Apa tisachite manyazi, amene mukumwa ma ARV, a BP kapena a shuga patulani a masiku angapo muike mmenemo, muzisintha akatsala pang'ono kutha nthawi. Mankhwala amenewa sadumphitsa, ndipo tsiku la chipwirikiti kiliniki simukaipeza yotsegula.

Zinazo mukuzidziwa kale, tochi ndi mabatire, pawa banki yotchaja, kabulangete, nsomba zamchitini ndi mabisiketi. Ndati tochi osati kandulo, chifukwa kandulo ndi mbaula ya parafini ndi zomwe zimapsereza mashaki nthawi yozizira ya June ndi July. Madzi sakwana mkachikwama, koma mabotolo a malita 5 angapo pansi pa bedi asasowe, mipopi ya muno imauma masiku osachenjeza. Kashi pang'ono nayonso, ma R20 ndi ma R50. Mu July 2021 mamolo atathyoledwa, ma ATM ataphwanyidwa, khadi la ku banki linalibe ntchito kwa anthu ambiri.

Ena amati kukonzekera chonchi nkudziitanira minyama. Ayi ndakana. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023 matope ochokera mphiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe anthu ali mtulo, panalibe amene anawaitana. Kuno nakonso amene mumakhala mphepete mwa Jukskei ku Alexandra mukudziwa mmene mtsinje uja umadzazira msanga mvula ya mabingu ikagwa. Amene akuti muchipinda timagona ambiri ndiye zikhoza kubedwa, amenewo ndikuwamva, nzoona. Ndiye ndalama ndi pasipoti yeniyeni sungani pathupi kapena pobisika podziwa inu, mkachikwama musiye mafotokope.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya makiyi. Ku Usindiso kuja anthu ambiri anapezeka atafera pa geti lokhoma. Timakhoma ma geti ndi maloko akuluakulu poopa akuba, nzomveka, koma kiyi ali ndi munthu mmodzi yemwe mwina ali ku naiti. Kambiranani ndi alandilodi ndi anzanu apanyumbapo sabata ino, aliyense akhale ndi kiyi wake, ngakhale mwana adziwe pomwe amakhala.