Musalole munthu aphwasule injini yanu asanasuzumire mkati

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Achemwali anga anatsala pang'ono kuonongetsa galimoto yabwinobwino chifukwa cha makaniko woyeza injini ndi khutu, ndipo mpaka lero ndalama zawo sizinabwerere.

Achemwaliwa ali ndi Toyota Sienta imene mnyamata wina amayendetsa ngati takisi. Fizi ya ana imachokera m'galimoto imeneyi, ndiwo za pakhomo zimachokeranso momwemo. Inayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti, pachitunda n'kumafooka, kanyale ka check engine n'kuyaka. Anapita nayo ku galaja ina konkuno ku Lilongwe. Mwini galajayo anatsegula boneti, analiza injini, anapendeketsa mutu kumvetsera, anapondako moto pang'ono, basi mlandu wagamulidwa. Akuti: "Mayi, injini iyi yatha. Maringi apita, mwinanso pisitoni yapsa. Apa ndi ovaholo basi." Ovaholo ndiye kuphwasula injini yonse n'kuimanganso. Chonsecho sanamasule ngakhale bawuti imodzi, abale. Achemwali poti za galimoto sazidziwa ndipo mantha anawagwira, anapereka dipoziti pompo, ndalama zimene ankasungira teremu ikubwerayi.

Mwayi wake mwana wa achimwene athu akuphunzira umakaniko ku koleji ya ntchito zamanja. Atamva anati, "Azakhali, auzeni asayambe kumasula, ndikubwera." Tinapita naye. M'chikwama mwake munali kakamera kaja kamene ena amati borescope, ena endoscope. Ndi chingwe cholimbirapo, ukachipinda chimakhala momwe wachipindiramo, kunsonga kwake kuli kadiso kozunguliridwa ndi tinyale 6 ta LED, ndipo mbali inayo umalumikiza pa foni pomwe timatchajira paja. Kadisoko kamakhala ka mamilimita 5.5, 7 kapena 8, pomwe bowo la pulagi pa injini ya Sienta ngati imeneyi, ija ya 1NZ, ndi la mamilimita 14. Kamalowa bwinobwino popanda kukankha.

Mwini galaja ataona chingwecho anaseka. Akuti: "Iwe mwana iwe, ine ndinayamba kumasula mainjini usanabadwe. Zidole zakozo kaseweretse kunyumba." Mawu amenewa ndi amene akundiwawabe mpaka pano. Mwanayo sanayankhe mwano, anangoti, "Madala, tingoona kaye, sititenga nthawi." Anadikira injini izizire, anachotsa makoyilo, anamasula mapulagi onse anayi, n'kulowetsa chingwe chija mu silinda yoyamba. Tonse tinaunjikana pa foni.

Ndinaona ndi maso angawa. Pamwamba pa pisitoni panali mwaye wakuda wopyapyala, wouma, wofanana m'masilinda onse. M'khoma la silinda munkaoneka timizere topingasana tija timene makina a kufakitale amasiya kuti oyilo azikakamira, ndipo injini yotheratu timizere timeneti timafufutika, khoma n'kungosalala mbee. Munalibe zokandika zotsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Munalibe kadontho ka madzi. Panalibe pisitoni yobooka kapena yosungunuka m'mphepete. Koma koyilo imodzi itazulidwa, labala wake anali noninoni ndi oyilo, ndipo m'dzenje momwe mumakhala pulagi yake munali oyilo atadikha. Gasiketi ya top cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini, inkadontha, oyilo n'kumatsikira m'dzenjemo mpaka kupha koyilo. Mwanayo anapukuta, anasinthanitsa koyiloyo ndi ya silinda ina, vuto linasamuka nayo. Matenda onse anali amenewo. Gasiketi imodzi ndi koyilo imodzi, ntchito ya masana amodzi.

Ndiye munthu ameneyu ankafuna kutsitsa injini yonse! Ndipo titamufunsa za dipoziti akuti wagulira kale maringi, ndalama palibe. Maringi oika pati? Pa injini yopanda vuto la maringi?

Ndikunena pano ndipo ndibwereza mpaka mutope nane: musalole munthu aliyense aphwasule injini yanu asanasuzumire mkati. Kale tinkavomera chifukwa panalibe njira ina, kuti uone pisitoni unkayenera kuchotsa hedi, mutu wa injini wovundikira masilinda. Lero njira ilipo, ndipo ndi yotchipa mochititsa manyazi. Pa AliExpress timakamera timeneti tambiri timagulitsidwa pansi pa madola 20. Tayala limodzi latsopano limadula kuposa pamenepo. Foni ali nayo kale m'thumba, yomweyo amaonera mpira ndi TikTok tsiku lonse galimoto za anthu zili pa majeki. Chimafunika n'chakuti foniyo ikhale ya Android yolola OTG, kutanthauza yotha kulumikizidwa ndi zipangizo zina pomwe timatchajira, uike app yake, basi. Kwa a iPhone kuli tina todzera pa WiFi. Ndiye makaniko wolandira ndalama za ovaholo mwezi ndi mwezi alephere bwanji kugula kanthu kameneka? Sakulephera. Sakufuna. Kaya ndi kusadziwa, kaya ndi dyera, kaya ndi kuvuta kwa chuma, izo ndi zawo, ine sizikundikhudza.

Kuchipatala dokotala sang'amba munthu pamimba chifukwa chongomva kubuula, amayamba wamuunika kaye. Nanga galimoto imene munthu anaivutikira, kuitanitsa ku Japan, kukaitenga ku Dar es Salaam, kugona nayo pa Songwe, kulipira msonkho wowawa uja, inu muing'ambe chifukwa mwamva phokoso? Ndani anakupatsani khutu loona mkati mwa chitsulo?

Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti ovaholo yosafunika imapha galimoto. Pitani m'magalaja athu ambiri mukaone momwe injini imamasulidwira. Pansi pa mtengo, pa dothi, mphepo ikuuluza fumbi. Mabawuti onse m'beseni limodzi, aatali ndi aafupi pamodzi. Hedi yagonekedwa pa katoni. Pobwezera, torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, palibe, mabawuti a hedi akumangidwa ndi paipi yoonjezera pa sipanala, muyeso wake ndi mphamvu za mnyamata amene wadya bwino tsiku limenelo. Maringi otsika mtengo, silikoni wopakidwa paliponse mpaka zidutswa zake kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Injini imene inamangidwa mwaukhondo kufakitale, imene ikanayendabe zaka zambiri, ikatuluka pamenepo imayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi. Mwini wake akabwerera kukadandaula amauzidwa kuti mwaona, tinanena kuti injiniyi inatha, gulani ina. Chonsecho anaipha ndi iwo. Achemwali anga akanakhala m'gulu limeneli, n'kumathokozanso munthu amene wawaonongera chuma.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mapulagi anayi kumasula ndi mphindi zochepa chabe. Chikuthamangitsani n'chiyani?

Wina andiuza kuti kamera siona zonse. Inde siona zonse, ndani wanena kuti imaona zonse? Maringi enieniwo suwaona, amabisika m'mbali mwa pisitoni. Mabering'i a pansi suwaona. N'chifukwa chake pali geji yoyezera compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, ndipo makaniko woona amayeza zonse ziwiri n'kukuonetsa manambala a silinda iliyonse. Koma zimene kamera imaonetsa n'zokwanira kutsutsa bodza lalikulu. Ngati khoma lakandika, uliona. Ngati gasiketi ya hedi ikulowetsa madzi, upeza pisitoni imodzi yoyera kuposa zinzake chifukwa nthunzi imachapa mwaye, nthawi zina madzi enieniwo ali pamwamba pake. Ngati lamba wa timing anaduka pa injini zija zimene mavalavu amagundana ndi mapisitoni, zipsera zake zimaoneka pamwamba pa pisitoni. Ndi kagalasi kamene kamabwera m'paketi momwemo, kapena kamera ya maso awiri yokhala ndi lina lakumbali, umatha kuona m'mphepete mwa valavu ngati yapsa. Zonsezi hedi ili pamalo pake, gasiketi yake sinakhudzidwe, ndalama zanu zili m'thumba mwanu.

Kwa amene mugule, tamverani izi. Musalowetse mu injini yotentha, kadisoko ndi ka pulasitiki ndi guluu. Kagalasi kaja, komanso kambedza ndi kamaginito zobwera m'paketi momwemo, muzikulunga ndi tepi musanalowetse, chifukwa kakagwera mu silinda ndiye kuti hedi mwaichotsa nokha. Kiyi achoke pa galimoto, wina asalize injini chingwe chili mkati. Chithunzi chimaoneka bwino kadiso kakatalikira masentimita ochepa kuchokera pa chinthucho, ukagunditsa zimangoti mbuu. Komanso mwaye wakuda pamwamba pa pisitoni si matenda, injini iliyonse yoyenda imakhala nawo. Ndanena dala zimenezi chifukwa ndikuwadziwa anthu athu, mawa lomweli wina agula kamera n'kumaopseza nayo azimayi, kuwaonetsa mwaye n'kumati onani mmene yapsera. Ameneyonso ndi wakuba, kungoti wakuba wa foni m'manja. Muuzeni akuonetseni masilinda onse, muyerekeze nokha, ndipo zithunzizo akutumizireni pa WhatsApp mukaonetse makaniko wina.

Inu eni galimoto, vuto lina ndi lathu lomwe. Timaopa kufunsa. Munthu wavala ovolosi yakuda ndi oyilo akangoti injini yatha, ife timangoti chabwino bwana, ndi zingati. Ndalama ndi zanu, galimoto ndi yanu, funsani! Mwaona chiyani? Ndionetseni. Akakwiya chifukwa mwafunsa, tsekani boneti muzipita. Akati zimenezo ndi zachibwana, tsekani boneti muzipita. Makaniko wodziwa ntchito yake saopa kamera, amakondwera nayo chifukwa imamuchitira umboni. Woopa kuti muone mkati ali ndi chimene akubisa. Ndipo pogula galimoto kwa munthu, kapena injini zakale zija zoyalidwa m'mashopu a masipeyala zimene amati yangotsika kumene, chitani chimodzimodzi. Injini ili pansi, mapulagi ali poyera, palibe chovuta chilichonse. Wogulitsa akakana kuti musuzumire, wakuuzani kale zonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amakaniko abwino alipo, ndikuwadziwa, ena ndi anzanga. Koma inunso mwakhala chete nthawi yaitali anzanu akuipitsa dzina la ntchito yanu. Ana akutuluka m'makoleji ndi nzeru zatsopano, inu m'malo mowalandira mukuwatcha a zidole. Zaka makumi atatu pa ntchito sizikupatsani maso oona kuseri kwa chitsulo. Gulani kamera. Gulani geji ya compression. Muzionetsa kasitomala musanatchule mtengo. Simukufuna, siyani kutchula mawu akuti ovaholo.

Ndipo musaganize kuti ndi amakaniko okha. Mapulambala nawonso khalidwe lake ndi lomweli. Sinki ikangotseka kapena khoma likayamba kunyowa, munthu amafika ndi hamala ndi tchizulo, kuyamba kugumula matailosi a m'bafa mongoganizira kuti mwina paipi yadutsa apa. Akaphonya amasuntha, kugumulanso pena. Bafa lonse mabala okhaokha, matailosi a mtundu umenewo m'mashopu anatha kalekale, iye walandira yake wapita. Chonsecho kamera yomweyi imabwera ndi chingwe cha mamita 5 ngakhale 10, kunsonga kwake sikulowa madzi, paketi amalembapo IP67. Ukailowetsa mu paipi ya sinki umaona ngati chatseka ndi mafuta oundana, tsitsi kapena kachidutswa ka sopo, ndipo poyeza chingwe chimene chalowa umadziwa kuti chili patali bwanji. Mu siling'i ndi chimodzimodzi, kabowo kakang'ono n'kokwanira kuona ngati ndi makoswe, chiswe chikudya mitengo ya denga kapena lata likudontha. Koma ayi, iwo hamala patsogolo. Ndipo ukawauza kuti alipire matailosi amene aswa pachabe, foni yawo imasiya kupezeka.