Si mipando yonse ya ku Denmark inatengera ku Japan

A mtolankhani, pomwe mwanena kuti mipando yotchuka ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 1950 inatengera ku Japan, mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Mpando wa Hans Wegner, mmisiri wa mipando wa ku Denmark, uja mwaika pachithunzi, wokhala ndi chotsamira chooneka ngati Y, gwero lake ndi mipando ya ku China ya nthawi ya mafumu a Ming. Kungoti anthu a ku Japan amaugula kwambiri, nchifukwa chake ambiri amasokoneza.

Amene anayang'anadi ku Japan ndi Finn Juhl, mmisiri winanso wa ku Denmark, ndipo simunamutchule nkomwe. Mpando wake wa Japan, womwe kampani ya France & Søn inkapanga, ndi wamfupi, wokhalira motsamira. Muuone chakumbuyo: pali mtanda umodzi wopingasa wogona pamwamba pa miyendo iwiri yowonda chakumapeto, monga zimakhalira zipata za akachisi a ku Japan. Palibe chobisika, mumaona bwinobwino chomwe chanyamula chinzake.

Ine ntchito yanga ndi ya ukalipentala, ndiye izi zimandikhudza. Mpando wopanda zokongoletsa ndi womwe umavuta kupanga, chifukwa polumikiza pakangotsala kampata, aliyense amakaona. Sungabise ndi nsalu kapena vanishi.

Anzanga omwe mukudandaula za mtengo mu ndemangamu, taganizirani mpando wina wa Wegner, wotchedwa CH25, wa 1950. Pokhalira ndi potsamira pake amaluka pamanja ndi chingwe cha pepala chotalika mamita pafupifupi 400. Zina mwa ndalamazo zimapita kwa woluka ameneyo, ndipo nzoyenera.