Mangani mbuzi zanu, anthu a ku Salima

Eni ziweto nonse, kuyambira kwa Khombedza mpaka ku Chipoka, ndikulankhula ndi inu. Khalidwe lotsekula khola m'mamawa n'kumati "zipita zokha, zibwera zokha" lithe. Mbuzi zanu zikutha minda ya anzanu, koma zikagwidwa ndinu oyamba kukuwa kuti akukuponderezani.

Yankho lanu ndimalidziwa: makolo athu ankatero. Inde, kale chimanga chikalowa m'nkhokwe ziweto zinkamasulidwa kuti zikadye mapesi, chifukwa kumunda kunalibenso chobiriwira mpaka mvula. Lero zinasintha. Madimba a m'mbali mwa Linthipe ndi Lifidzi amakhala ndi chimanga cha mthirira, tomato ndi mpiru chilimwe chonse. Nandolo ndi chinangwa zimatsalira m'munda miyezi ingapo anthu atakolola kale, thonje nalo limachedwa, ndipo ku Lifuwu kuli mpunga. Taganizirani mayi wamasiye amene anatenga feteleza pangongole, mbandakucha uliwonse ali ndi ndowa kumutu kuthirira, kenaka n'kupeza bedi lonse la repu latsala timapesi tokha, ndowe za mbuzi zili mbwee m'mizere. Inu nthawi imeneyo munali pa bawo. Manyazi mulibe kodi?

Kugwira chiweto chosakaza si nkhanza, ndipo si zachilendo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'dera lake, komanso m'midzi yambiri mafumu anagwirizana ndi anthu awo pabwalo kuti chiweto chopezeka m'munda wa wina chizilipiridwa. Njira yake tonse timaidziwa. Mwini munda amaitana mboni ziwiri kapena zitatu chiweto chidakali pomwepo, amachimanga n'kupita nacho kwa a nyakwawa. Akuluakulu, pena pamodzi ndi alangizi a zaulimi, amakaona kukula kwa chiwonongekocho. Mwini chiweto amaitanidwa, amasonyeza kuti n'chakedi, amalipira chindapusa ndi mbewu zimene zadyedwa, ndiye amachitenga. Mukamazengereza muzidziwa kuti alipo amene akuchimwetera udzu ndi kuchitungira madzi, ndipo thukuta lakelo lidzawerengedwa pa inu. Ena mwayamba kupita usiku kukamasula mbuzi yogwidwa. Ana anga, pamenepo mwaonjezera mlandu wonyoza bwalo pa mlandu wa masamba.

Nanunso eni minda musaganize kuti ndakusiyani. Mkwiyo wanu ndikuumva, koma kutema mbuzi mitsempha ya m'miyendo ndi chikwanje, kuimanga padzuwa la Okotobala tsiku lonse yopanda madzi, kapena kuthira tameki m'madeya n'kuika m'mphepete mwa dimba, zimenezo ndi zoipa. Kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha munthu ndi mlandu wa kupolisi, ndiye amene munalakwiridwa ndinu mudzagone m'chitokosi. Madeya a poizoniwo adyedwa ndi nkhuku za anthu osalakwa, ndipo nyama ya mbuzi yofayo ena akaigulitsa pa chiwaya, ana athu omwe n'kudya. Kugulitsa kapena kuzinga chiweto chimene mwagwira, bwalo lisanagamule, kumeneko ndi kuba basi.

Mafumu athu, ndi ulemu wonse, chindapusa chidziwike poyera ndipo chikhale chimodzi kwa aliyense. Mbuzi ya mphwanu ikamatuluka ulere pamene ya mlendo ikulipiridwa kawiri, anthu asiya kubwera kubwalo, ayamba kudzigamulira okha ndi zikwanje. Ndipo nkhumba zogwidwa musamazisakanize ndi zapakhomo, chigodola chimalowera momwemo n'kusesa khola lonse.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ndi ana. Mwana wa sitandade 3 mwamujombetsa kusukulu kuti akawete ng'ombe khumi, iye akapeza anzake akusambira, ng'ombe zalowa m'mpunga kapena zakwera msewu wa M5 kumene maminibasi amathamanga. Ngozi ikachitika mumenya mwanayo, pamene wolakwa ndinu.

Chingwe ndi chikhomo sizidula ngati thumba la chimanga limene mudzalipe. Konzani makola mvula isanagwe, sungani masangwe a mtedza ndi mapesi pa denga kuti muzidyetsera m'khola, ndipo amene muli ndi ng'ombe zambiri lembani mbusa wamkulu, mwanayo abwerere m'kalasi.