Heathcliff anabwezera ndi mapepala a malo

Mwalemba kuti Wuthering Heights, buku la Emily Brontë la mu 1847, ndi nkhani ya chikondi basi. Apo ndiye sindikuvomereza, chifukwa theka la bukuli ndi kubwezera kokonzedwa mwadongosolo.

M'mutu 9, Heathcliff, mnyamata wotoledwa amene anakulira m'banja la Earnshaw, akumva wokondedwa wake Catherine, mwana wa m'banjamo, akuuza Nelly, wantchito wa pakhomopo, kuti kukwatiwa naye kungamuchotsere ulemu. Akutuluka mwakachetechete osamva mawu otsatira, oti amamukonda ndi mtima wonse. Vuto lonse layambira pamenepo. Akusowa zaka zitatu, akubwera ndi ndalama, n'kupeza Catherine atakwatiwa ndi Edgar, mwini nyumba ndi malo otchedwa Thrushcross Grange. Hindley, mchimwene wake wa Catherine, amene anamusandutsa wantchito wakumunda, akumupeza atalowerera mowa ndi njuga, ndiye akumukongoza mpaka nyumba yonse kusanduka chikole. Mwana wa Hindley, Hareton, akumulera ngati kapolo, wosatha kuwerenga ngakhale dzina la makolo ake lozokotedwa pamwamba pa chitseko. Zimenezi zimandiwawa kuposa zonse.

Isabella, mlongo wake wa Edgar, Heathcliff anamukwatira alibe naye chikondi n'pang'ono pomwe. Musaiwale kuti ku England nthawi imeneyo katundu wa mkazi ankagwera m'manja mwa mwamuna. N'chifukwa chake akutsekera Cathy wamng'ono, mwana wa malemu Catherine, m'nyumba, bambo ake a Edgar ali kayakaya, mpaka akwatiwe ndi Linton, mwana wodwaladwala wa Heathcliff ndi Isabella. Linton atamwalira, Thrushcross Grange yalowa m'manja mwake.

Chimene chinamufooketsa ndi maso. Cathy atayamba kuphunzitsa Hareton kuwerenga, Heathcliff anaona maso a Catherine pa nkhope zonse ziwiri. Analeka kudya, ndipo Nelly anamupeza atauma pabedi, zenera lili chitsekulire, mvula ikumunyowetsa.